Chiluwe cha Pamaliro

Padangotero, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili tonse, nyama zinkalima minda, zinali ndi mafumu ndi nduna zawo, ndipo zikafa zinkaikana m'manda mwaulemu. M'dziko la Mfumu Njati munali Gologolo, mkulu wa adzukulu, anthu aja okumba manda ndi kuyendetsa mwambo wa maliro. Anali wochepa thupi koma wakuthwa pakamwa. Mwambo wa maliro ankaudziwa kuchokera kumutu mpaka kumchira, koma munda wake, tisabise, unkangokhala thengo chaka ndi chaka.

Gologolo ankakhala mumtengo umodzi ndi Make Njuchi, iye mphako ya m'mwamba, Make Njuchi ndi ana ake mphako ya m'munsi. Chaka chimene mayi wa Gologolo adamwalira kunali njala, ndipo ambiri adangosuzumira pasiwa n'kupitirira kukasaka chakudya. Ana a Njuchi okha ndiwo adabwera onse. Adaimba mpaka maliro kuikidwa, n'kusiya chisa cha uchi kuti anamfedwa aponye kanthu kukamwa. Gologolo sadaiwale zimenezo, paja maliro n'kulirana.

Chaka china, mbewu zitangoyamba maluwa, kudagwa mbozi ndi nsabwe za m'masamba. Mfumu Njati inali itakalamba, ndipo nkhani zonse za kumunda idazisiya m'manja mwa Nguluwe, Nduna ya za Minda. Amene adaganiza zopatsa nguluwe udindo wosunga minda sindimudziwa, koma akadakhala pano ndikadamufunsa mafunso. Nguluweyo adalamula kuti minda yonse ipoperedwe mankhwala, ndipo ntchitoyo adaipereka kwa mlamu wake, Kanyimbi. Kanyimbi ankabereka chigubu kumsana n'kumapopera m'mawa dzuwa likangotuluka, chifukwa masana ankakhala ku mowa, ndipo pofika madzulo miyendo inkakhala itamukana. Sankasankha. Tsamba, duwa, udzu wa m'malire, zonse ankanyowetsa.

Tsono m'mawa ndi pamene maluwa a maungu amakhala atatseguka, ndipo ndi pamene ana a Njuchi amalowamo kukadya. Adayamba kugwa. Ena ankafera m'duwa momwemo, ena ankafika pakhomo akuzungulira ngati oledzera n'kufera pamaso pa mayi wawo. Agulugufe ndi abemberezi nawo ankangopezeka ali gada m'mizere. Mabanja a njuchi adatha limodzilimodzi, mpaka m'dziko lonselo mudatsala banja limodzi lokha, la m'munsi mwa nyumba ya Gologolo.

Tsiku lina Make Njuchi adamuitana.

"A Gologolo, ana anga akutha."

"Ndikuona, mayi. Mudakadandaula kubwalo?"

"Ndidapita. Adati pabwalo la za minda amayankhula ndi amene ali ndi khasu. Ine khasu ndilitenga kuti?"

"Mumafuna mukanene chiyani?"

"Zochepa. Sitikuti asapopere, mbozi nafenso sitizikonda. Angodikira maluwa atseke, ana abwerere kunyumba, ndiye apopere. Akapitiriza chonchi, muno mutsala ine ndekha, ndipo ine ndekha sindingadyetse makanda amene ali m'zisamu."

Gologolo adapsa mtima. Adatenga khasu lake n'kulunjika kubwalo, kumene adapeza Nguluwe atakhala pampando, nyama zili mbali iyi ndi iyo.

"Iwe Gologolo," adatero Nguluwe, "khasu limenelo lidaonapo dothi la kumunda?"

"La kumanda lokha, a Nduna, koma ndi khasu ndithu."

"Nena msanga."

Gologolo adafotokoza zonse, ndi pempho la Make Njuchi lomwe. Nguluwe adaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Mankhwala anga amapha mbozi ndi nsabwe basi. Njuchizo zikufa ndi chifuwa chawo. Ndiye alamu anga asinthe nthawi ya ntchito chifukwa cha tizilombo?"

Gologolo adaweramitsa mutu ngati wagonja. "Pepani a Nduna, ndalakwitsa ndine. Ndimayesa ndi anthu anu. Poti ndi tizilombo tobwera, ndikawauza kuti uchi wa mtulo uja asavutike nawo chaka chino. Mtulo amapereka ndi eni dziko."

Apa adamukhudza pachilonda, chifukwa Nguluwe ndi uchi zinali zosalekana.

"Wati ndi obwera ndani? Ndi anthu anga ngati wina aliyense. Mtulo azipereka."

"Anthu anu enieni?"

"Enieni. Bwalo lonse lamva."

"Nanga amene afawa titani nawo?"

"Funso lopusa. Wakufa amatani naye? Kaike. Si ndiyo ntchito yako?"

"Mwamwambo, a Nduna?"

"Mwamwambo. Choka, usandigonthetse m'khutu."

Gologolo adawomba m'manja mwaulemu n'kunyamula khasu lake. Amene ankamudziwa bwino adaona kuti ulemuwo wachuluka mokayikitsa.

Kutacha, njira iliyonse yopita kuminda inali itayalidwa masamba aawisi, chizindikiro cha maliro. Mwambo wa dzikolo unali wosapita m'mbali: pakakhala maliro khasu sililowa m'munda. Wopezeka akupita kumunda, adzukulu ankamulanda chida chake, ndipo pakhomo pake pakadzagwa zovuta ankadzakumba yekha manda. Gologolo adaima panjira ndi anzake awiri, Mfuko wokumba uja ndi Nungu wa minga uja. Posakhalitsa adatulukira Kanyimbi, chigubu chili kumsana.

"Alamu a Nduna, ulendo wa kuti?" adafunsa Gologolo.

"Ku ntchito ya mfumu. Patuka."

"Masambawa simukuwaona?"

"Wamwalira ndani?"

"Munthu wa a Nduna. Mwiniwake watiuza kuti tiike mwamwambo."

Kanyimbi adati adutse mwamakani, koma Nungu adangoimika minga. Chigubu chidatsika chokha kumsana, ndipo adzukulu adakachipachika panthambi pasiwa, poti aliyense azichiona.

Maliro adayenda monga maliro onse. Mwana mmodzi wa Njuchi adamugoneka patsamba, adzukulu n'kumunyamula pang'onopang'ono, dziko lonse lili pambuyo. Nguluwe naye adabwera, poti nduna sijomba pamaliro a munthu wake, koma ankangoseka chamumtima. Panjira Gologolo adayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yofunsa za mwana amene adatuluka m'mawa kukadya, chifukwa chiyani wachedwa, ndipo wamugwira ndani. Ovomera sankayankha ndi mawu. Ankangong'ung'udza milomo ili chitsekere, monga zimalirira njuchi, funso n'kutsala lili lendelende.

Kumanda, monga mwa mwambo, mkulu wa adzukulu adafotokoza chimene chidadya malemu. "Mwanayu adadzuka bwinobwino, adapita kukadya m'duwa la dzungu m'munda mwa a Gwape, ndipo sadabwerere." Sadawonjezere liwu lina. Gwape adayang'ana pansi.

Kutachanso, masamba ali panjira. Nguluwe adafika akupumira m'mwamba.

"Iwe, maliro si tidaika dzulo?"

"Tidaika mmodzi, a Nduna. Anzake akudikira."

"Alipo angati?"

"Bwerani muone nokha."

Adamutengera kuseri kwa mtengo n'kuvundukula masamba. Panali malichero odzaza ndi ana a Njuchi, ndi agulugufe ndi abemberezi omwe, amene Gologolo adakhala akutola m'mizere. Wina akadagwetsa misozi. Nguluwe adangoti fwee ndi mphuno.

"Aliyense ali ndi tsiku lake," adatero Gologolo. "Anthu anu enieni sitingawaike mothamanga."

Basi maliro adakhala a tsiku ndi tsiku. Nyimbo ija inkafunsa funso lake, ovomera n'kumang'ung'udza, ndipo kumanda Gologolo ankatchula munda umene mwanayo adafera: lero wa Gwape, mawa wa Mbawala, mkuja wa Ngoma. Poona kuti chigubu chili chipachikire, Gologolo adauza Make Njuchi kuti, "Ana atuluke akadye, mayi. Palibe wopopera." Adatuluka, ndipo madzulo ankabwerera.

Koma udzu sudziwa maliro. Udayamba kupikisana ndi chimanga, makasu ali m'nyumba, ndipo mitima ya anthu idayamba kutembenukira Gologolo.

"Ukufuna tonse tikhale ndi thengo ngati lako," adatero Gwape. "Ana athu adzadya nyimbo?"

"Ine ndimangoika, achimwene. Kafunseni amene akupanga malirowo."

Nguluwe ataona kuti anthu atopa, adati mpata ndi womwewu. Adaimirira pasiwa n'kulamula kuti, "Zatikwana. Kumbani dzenje limodzi, muwakhuthuliremo onse, anthu apite kukapalira."

"Nzeru zimenezo, a Nduna," adavomera msanga Gologolo. "Ifenso misana yatopa. Ndilengeze kuti mwambo wasintha?"

"Lengeza."

Gologolo adakwera pachitsa. "Tamverani nonse. A Nduna asintha mwambo. Kuyambira lero, munthu akamwalira azidikira kaye anzake achuluke. Akakwana, dzenje limodzi, mokhuthula. Agogo athu amene mwayandikira ulendo, muzipangana kuti musadikirane nthawi yaitali."

Kumene kudakhala nkhalamba kudabuka phokoso. Woyamba kuimirira anali Anangondo, mayi wake wa Nguluwe yemwe, nkhalamba yopanda dzino ndi limodzi lomwe, imene sinkaphonya maliro chifukwa chokonda ndiwo za pasiwa.

"Iwe mwana iwe, ndidakubereka kuti udzandikhuthule ngati zinyalala?"

"Amayi, ine ndimanena za njuchi."

"Si udati ndi anthu ako ngati wina aliyense? Ndidalipo ine pabwalo paja. Mano ndiwo adatha, makutu alipo."

Nguluwe adameza mawu ake ali otentha n'kukhala pansi. Mfuko adalowanso m'dothi kukumba kamanda kamodzi, ndipo nyimbo idayambiranso.

Mukadakhala inu, mukadangoti alamu, sinthani nthawi yopopera, nkhani n'kutha. Koma alipo anthu amene amalola dziko lipse kusiyana n'kuti avomere kuti wamng'ono wanena zoona. Nguluwe anali ndi chigubu china chimene adabisa m'nkhokwe, ndipo mbozi zinali zitalowa m'munda mwake, umene chaka chimenecho udachita maungu ndi maluwa kuposa wa aliyense. Adanong'oneza mlamu wake kuti, "Mawa mulawire, mudzere njira ya kuseri. Mupopere wanga wokha. Adziwa ndani?"

M'mawa umenewo ana a Njuchi adatuluka monga mwa masiku onse, podalira mawu a Gologolo, ndipo ambiri adathamangira kumene kunali maluwa ochuluka. Dzuwa lisanafike pamutu adayamba kubwerera akuzungulira. Ankagwa pakhomo ngati nyemba zotayika m'lichero. Gologolo adatsika mothamanga n'kunyamula mmodzi amene ankapumabe.

"Unali kuti, mwanawe?"

"Kwa a Nduna," adatero mwanayo, n'kupinda miyendo.

Make Njuchi adaima pakhomo la mphako. Sadalire. Akadalira bwenzi zili bwinoko.

"Mudati atuluke, a Gologolo."

"Ndidatero, mayi."

"Otsalawa mutha kuwafumbata m'dzanja. Akagwanso amenewa, musadzavutike ndi manda ambiri. Mudzangomata khomo ili ndi dothi, ine ndi makanda tili momwemo."

Gologolo adamugoneka pansi mwana uja. Chisoni chidamugwira, koma mkwiyo ndiwo udamuyendetsa. Adapita pasiwa pamene anthu anali atasonkhana kale, n'kuima pamaso pa Nguluwe osawomba m'manja.

"A Nduna, mwapopera m'munda mwanu maliro ali mkati."

"Samala pakamwa pako. Chigubu si icho chili panthambi? Wapopera ndani, ndi chiyani?"

"Ana afa chifukwa chiyani?"

"Ndidakuuza kale kuti ndi chifuwa. Ndipotu ngakhale wina akadapopera, mankhwala anga sapha munthu. Khanda litha kunyambita osamva kanthu." Adatembenukira kugulu. "Abale anga, mwavutika mokwanira ndi kanthu aka. Lero ndi maliro otsiriza, wina afune asafune. Mawa aliyense kumunda kwake, ndipo alamu anga ayambiranso ntchito m'mawa monga kale."

Ambiri adagwedeza mitu kuvomereza, poti njala ya mawa inkawaopsa kuposa imfa ya ana a eni. Kanyimbi adamwetulira. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Gologolo adadziwa kuti dzuwa la mawa likatuluka zinthu zili chonchi, mphako ya m'munsi aimata ndi manja ake.

"Chabwino, a Nduna," adatero motsitsa mawu. "Poti ndi otsiriza, ndipo lero agwa ambiri nthawi imodzi, mwambo ukuti mfumu ikhalepo, ndipo anthu adye asanabalalike."

"Chita zimenezo, zithe."

Adatuma Mfuko kukatenga Mfumu Njati. Iye adanyamula dengu n'kuzimiririka. Kumene adapita ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Mfumu itafika n'kukhala pansi, maliro ataikidwa, nthawi ya chakudya idakwana. Chakudya cha pamaliro chili ndi malamulo ake awiri. Woyamba kudya amakhala wamkulu pa onse, ndipo palibe amakana, chifukwa wokana chakudya cha pamaliro anthu amati akudziwapo kanthu pa imfayo. Gologolo adatulukira ndi mbale ikufuka nthunzi. Munali chiluwe, maluwa a maungu aja, chotendera bwino ndi nsinjiro, fungo lake lokha lodzutsa wodwala.

"Ndiwo za lero tithokoze a Nduna," adalengeza. "Chiluwechi tathyola lero lomwe m'munda mwawo. Atikhululukira kuti sitidapemphe, paja adzukulu sapempha. Ndipo musaope kanthu, mwiniwake wanena pamaso panu kuti m'mundamo simudapoperedwe."

Adayenda pang'onopang'ono, kudutsa Gwape, kudutsa Mbawala, kudutsa mfumu imene, n'kugwada pamaso pa wamkulu pa onse. Mbale adaiika pamiyendo pa Anangondo.

"Yambani ndinu, agogo. Tasankha chofewa poganizira mano."

"Mwana waulemu iwe," adatero Anangondo akusamba m'manja.

Nguluwe adayang'ana Kanyimbi. Kanyimbi adayang'ana nyerere.

"Amayi," adatero Nguluwe, "chiluwe chija chimakupwetekani m'mimba."

"Chiyambire liti?"

"Dikirani pang'ono, akupatsani nyemba."

"Nditafune ndi chiyani, ndi mano ako?"

"Mwadya kale kunyumba, amayi."

"Unandiphikira ndiwe? Ukufuna anthu anene kuti ndakana chakudya cha pamaliro?"

Gologolo adayambitsa nyimbo ija chapansipansi, yofunsa za mwana amene adapita kukadya osabwerera, adzukulu n'kumang'ung'udza. Anangondo adatapa chiluwe, adachiuzira kuti chizizire, n'kukweza dzanja. Thukuta lidayenderera pamphuno pa Nguluwe. Dzanja lidafika pachibwano. Nkhalamba idayasama.

Nguluwe adalumpha ngati walumidwa, adamenya dzanja la mayi wake, mbale n'kugubuduzika pansi.

"Amayi, musadye! Muli mankhwala!"

Nyimbo idaduka. Mfumu Njati, imene ambiri ankayesa ikuwodzera, idatsegula maso.

"Mankhwala ati, Nguluwe, poti chigubu chili panthambi apo?"



"Si iwe wati khanda litha kunyambita?" adafunsa Anangondo. "Tsono ine ndachepa kuposa khanda?"

Gologolo adaimirira. Ulemu wonse uja unali utamuthera.

"Mwachita bwino, a Nduna. Mwana weniweni amatero. Mwaona imfa m'mbale ya amayi anu, mwaimenya. Tsono tayang'anani uko." Adaloza Make Njuchi, amene adakhala pakati pa anamfedwa ndi ana ake ochepa aja. "Duwa limenelo ndi mbale ya ana a mayi awa. Alibe ina. M'mawa uliwonse mwakhala mukuwathirira imfa m'mbale, inu mukudziwa, alamu anu akudziwa, ndipo mayi wawo alibe dzanja loti aimenye. Adabwera kudzakupemphani kuti mungodikira ana amalize kudya. Mudawafunsa khasu."

Atatero adawerama, adatola chiluwe chimene chidatayika pansi, adachikutumula dothi n'kuponya m'kamwa. Anthu adagwira pakamwa.

"Musaope, sindifa. Chiluwechi chachokera m'munda mwanga, maungu omera okha. Alamu a Nduna sadapoperemo ndi tsiku limodzi lomwe. Ankayesa ndi thengo."

Apo Nungu adayambitsanso nyimbo ija ndi mawu ake okhuthala, kufunsa kuti mwana wamugwira ndani. Ulendo uno ovomera sadang'ung'udze. Dziko lonse lidayankha ndi mawu, n'kutchula dzina la Nguluwe ndi la mlamu wake, ndipo amene adakweza kwambiri anali Gwape. Anangondo sadaimbe nawo. Anali kalikiliki kukwapula mwana wake ndi ndodo yoyendera, theka chifukwa cha bodza, theka chifukwa cha ndiwo zotayika.

Nguluwe adakwawira kwa Make Njuchi. "Pepani, mayi."

"Pepani sapoletsa chilonda," adatero Make Njuchi osamuyang'ana.

Mfumu idafunsa Make Njuchi kuti anene chimene akufuna. Kanyimbi, amene nzeru zinali zisanamubwerere, adang'ung'udza kuti pa nkhani za minda amayankhula ndi wa khasu.

"Khala chete iwe," adatero Gwape. "Ine khasu ndili nalo, koma chiyambire kupopera kwakoku maungu anga akungoyoyoka maluwa osagwira kanthu. Amene amabereketsa dzungu si khasu. Asiyeni ayankhule."

Make Njuchi adanena zomwe zija adakanizidwa kunena pabwalo, osawonjezera. Mfumu idazisandutsa lamulo pomwepo, pamaso pa manda atsopano. Duwa lotseguka lisapoperedwe. Wofuna kupopera adikire madzulo, maluwa atatseka ndipo ana atabwerera, ndipo ayambe wauza a Njuchi kuti mawa asadzere kumeneko. Udzu wa m'malire a minda, umene umachita maluwa mbewu zikatha, usakhudzidwe. Lamulolo idalipereka m'manja mwa adzukulu, kuti wolithyola adzadziwe yekha womukumbira manda. Unduna wa Nguluwe udathera pomwepo.

"Nanga malichero aja?" adafunsa Gwape mwamantha. "Tikhalabe pasiwa mpaka atathe?"

"Pitani mukapalire," adatero Make Njuchi. "Sindikufuna ana anu atsatire anga. Koma anga dzenje limodzi ayi. Aliyense ndidamubereka payekha."

"Akumba ndani poti anthu akupita kumunda?" idafunsa mfumu.

"Alipo amene alibe ntchito tsopano," adayankha Gologolo. "Koma khasu lake talanda, poti adathyola mwambo. Aona yekha chokumbira."

Nguluwe adayang'ana uku ndi uku, osapeza womumvera chisoni, ngakhale mayi wake. Adazika mphuno m'dothi n'kuyamba. Mpaka lero mukamuona akufukula nthaka ndi mphuno, musamuyese mlimi. Malichero aja sadathe. Kanyimbi naye adati athawe ndi chigubu chobisa chija, koma adapunthwa, chidamuphulikira pamsana, ndipo fungo lake silidachoke. Amayenda dzuwa likalowa, nthawi imene adakana kugwira ntchito.

Kutacha masamba adachotsedwa panjira, makasu n'kulowa m'minda. Ana a Njuchi adaima pakhomo la mphako, osafuna kutuluka. Make Njuchi adayang'ana m'mwamba kwa Gologolo.

"Atuluke?"

Gologolo adakumbukira zimene zidachitika atanena mawu amenewo poyamba. Koma makanda m'zisa ankalira njala.

"Atuluke, mayi."

Adatuluka. Tsiku lonselo Gologolo sadadye, sadatsike mumtengo, sadanyoze aliyense. Adangokhala panthambi maso ali kunjira. Dzuwa litapendeka adayamba kufika mmodzimmodzi, miyendo ili yachikasu ndi ufa wa maluwa, Make Njuchi akuwalandira pakhomo ndi kuwatchula mayina. Sadatenge nthawi kuwatchula, poti anali ochepa, ndipo kulira kwa mphako imene kale inkagwedeza mtengo wonse kunkangomveka ngati kwa udzudzu. Wotsiriza atalowa, Make Njuchi adakhalabe pakhomo kanthawi, akuyang'ana kumanda.

"Abwera onse?" adafunsa Gologolo.

"Amene adatuluka lero abwera onse."

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaphule isanapserere, ndipo amene ali ndi chigubu kumsana ayambe wasuzumira m'duwa kuti aone amene akudya.